Chizimba cha Woyeza Miyala

Anzake pantchito ankamutcha Fumbi, chifukwa poweruka ankatuluka ali mbuu kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Ntchito yake inali yoyeza miyala mu labotale. Okumba migodi ankabwera ndi matumba a miyala, iye n'kuiphwanya, kuipera mpaka isanduke ufa, kuithira asidi, ina n'kuiotcha m'ng'anjo m'timiphika tadothi. Akatero ankawauza ngati mwalawo uli ndi mkuwa, chitsulo, golide, kapena ngati akungotaya nthawi.

Anthu amene iye ankawauza kuti akumbe ankabweranso ali pa galimoto. Iye ankabwerera wapansi ku chipinda chodontha, zala zitachita chikasu ndi asidi. Mkazi wake ankasoka zovala pakhonde ndi makina obwereka. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, ankapita kusukulu ndi nsapato zomata ndi guluu.

Chimene chinamuswa mtima ndi mlamu wake. Munthu amene kale ankadzapempha sopo anatola miyala kuphiri lina, Fumbi n'kumuyezera ulere, ndipo munapezeka golide. Chaka chisanathe mlamuyo anamanga nyumba yampanda. Tsiku lina anaimitsa galimoto pamsewu natsitsa galasi.

"Alamu, mukadali kununkha asidi? Kwerani kumbuyoko, koma muyambe mwasasa fumbilo."

Sabata yomweyo mwini makina anadzatenga makina ake. Mkazi wa Fumbi anakhala pakhonde manja ali pamiyendo. Fumbi anamuyang'ana, ndipo m'mawa mwake sanapite kuntchito. Anapita kwa sing'anga amene dalaivala wina wa kumgodi anamunong'oneza.

Sing'angayo ankakhala m'kachipinda kuseri kwa malo omatira matayala. Sanali nkhalamba. Anali bambo wonenepa, wa malaya oyera, wolankhula mofatsa ngati namwino.

"Ndatopa, bambo," anatero Fumbi. "Ndimalozera anthu pamene pali chuma, ine n'kumagona ndi njala."

Sing'anga anatsegula kachitini natulutsa kamwala kakuda, kochepa ngati nyemba. Atakaika m'manja mwa Fumbi kanazizira mpaka m'chigongono.

"Uziika aka m'kamphika kako pamodzi ndi mwala uliwonse, ngakhale wa mumsewu. Potsegula ng'anjo uzipeza golide. Kamwalaka sikapsa."

"Nanga chizimba chake?"

"Iwe ndiwe wophunzira. Pa sikelo yako ija, kodi chinthu chimangobwera chosachokera kwina?"

"Ayi. Chikachuluka uku, ndiye kuti chachepa uko."

"Wadziyankha wekha. Nthaka sipatsa ulere. Chimene idzakupatsa, idzachitenga m'nyumba mwako."

Fumbi anaganiza za m'nyumba mwake: mpando wothyoka, matiresi ong'ambika, ndowa zotchera madontho. Anatsala pang'ono kuseka.

"Itenge."

"Bwereza, kamve bwino."

"Itenge chilichonse chili m'nyumba mwanga."

"Kamva," anatero sing'anga, akutseka kachitini. "Koma ukayamba, mwezi usathe ng'anjo isanayake. Njala yake siidikira."

Tsiku lotsatira, anzake atapita kokadya masana, Fumbi anatola mwala wa pabwalo, naupera, nauika m'ng'anjo pamodzi ndi kamwala kaja. Atatsegula, pansi pa kamphika panali kampira kachikasu. Anakathira asidi, koma sikanasungunuke. Anakayeza pa sikelo, kulemera kwake kunali kwa golide weniweni. 

Anasiya ntchito. Anagula nyumba yaikulu kuposa ya mlamu wake, namanga ng'anjo yakeyake m'chipinda chakumbuyo chimene ankachikhoma ndi loko. Mkazi wake anamugulira makina amagetsi, namunamiza kuti walowa nawo mgodi wa anzake.

Makinawo mayiyo sanawasokere nthawi yaitali. Anayamba kumva chizungulire, zikhatho zinayera ngati pepala. Adokotala anati m'magazi mwake ayironi, mchere wa chitsulo umene umafiiritsa magazi, watha. Anamupatsa mapilitsi, anamuwonjezera magazi, koma patangopita masiku ankapezeka wayeranso. Kenako mwana uja mano anayamba kumuphwanyikira m'kamwa. Tsiku lina anangotsika pakhonde, mwendo thyo! Adokotala atajambula anapukusa mutu.

"Bambo, awa ndi mafupa a nkhalamba. Kashiyamu mulibe. Mwanayu mumamudyetsa chiyani?"

Fumbi anabwerera kunyumba mutu uli waa. M'chipinda chakumbuyo maso ake anagwera pa phulusa loyera limene linkatsalira m'timiphika nthawi zonse. Kale ankangolitaya, koma tsikuli anakumbuka kuti miyala imene ankaotcha siyenera kusiya phulusa lotero. Analitapa, nalisungunula mu asidi, naliyeza monga ankachitira ku labotale. Munali kashiyamu ndi fosifolasi, pa muyeso umene umapezeka m'fupa. Pansi pa botolo panadikha dzimbiri lofiira la ayironi.

Anakhala pansi posimenti, manja kumutu. Golide yense uja anali atamuyenga kuchokera m'mafupa a mwana wake ndi m'magazi a mkazi wake.

Anathamangira kwa sing'anga wopanda nsapato, nagwada pakhomo.

"Tengani kamwala kanu! Tengani nyumba, tengani galimoto!"

"Galimoto ili ndi magazi?"

"Munati za m'nyumba!"

"Kodi mkazi wako amagona panja?"

"Ndikasiya kuyatsa ng'anjo?"

"Katenga zonse nthawi imodzi. Ukapitiriza, kazitenga pang'onopang'ono. Sankha, wophunzira."

"Ndiye katenge ine. Chonde bambo, ndagwira mwendo wanu."

Sing'anga anachotsa phazi lake mwaulemu. "Iwe ndiwe dzanja lake. Munthu sadya dzanja limene akudyera."

Fumbi anayesa zonse zimene ankadziwa. Anakaviika kamwalako mu asidi amene amasungunula ngakhale golide, koma kanatuluka kakunyezimira. Anakamenya ndi hamala, hamala n'kubenthuka. Anakaponya m'chimbudzi, koma m'mawa anakapeza kali phee m'kamphika. Mwezi unali kutha.

Tsiku lomaliza anasankha mwala wapabwalo wochepetsetsa, wongokwana pa nsonga ya chala, poganiza kuti akayenga zochepa kamwala kaja katenga zochepa. Anayatsa ng'anjo misozi ikugwera pamalaya. Kuchipinda china mkazi wake anaitana ndi mawu otsika.

"Abambo ake, tabwerani. Ndikumva kuzizira."

"Ndikubwera, amayi ake. Dikirani pang'ono."

Pamene anazimitsa moto n'kulowa kuchipindako, anapeza mkazi wake atatambasulira dzanja kukhomo, atamwalira.

Pamaliro Fumbi anaulula zonse pamaso pa abale. Mlamu wake anamugwira pakhosi, anthu n'kuwaleretsa. Tsiku lomwelo mlamuyo ananyamula mwana wa mlongo wake kupita naye kwawo, kuti achoke m'nyumba yotembereredwayo. Fumbi anagumula ng'anjo ndi manja ake, nalumbira kuti sadzayatsanso. Anadzilimbitsa mtima kuti popeza mwanayo sakugonanso m'nyumba mwake, kamwala sikamupeza.

Mwezi utatha, mwanayo anadandaula kuti msana ukumupweteka. Mlamu uja anathamangira naye kuchipatala, koma anamwino pomunyamula kuti amugoneke pabedi, mafupa anaphwanyika m'manja mwawo ngati choko. Anamwalira akuitana bambo ake.

Kuyambira pamenepo mutu wa Fumbi sunagwirenso. Nyumba ija inamera udzu, palibe amene anafuna kuigula. Iye amakhala pa geti la chipatala, dzuwa kapena mvula, atavala sanza. Aliyense wovala zoyera akamadutsa, Fumbi amamugwira malaya, kutambasula mikono yake yowonda n'kumachonderera:

"Adokotala, chotsani mafupa angawa. Ndi olimba. Mukamupatse mwana wanga."

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Umphawi umawawa, koma suposa kuika m'manda anthu amene unkawafunira zabwino. Chuma cha mankhwala sichigwa kumwamba: pali wina amene amachilipira ndi moyo wake, ndipo kawirikawiri amakhala amene umamukonda koposa. Dyera likakulozera njira yachidule, yamba wafunsa kuti ikudutsa pamanda a yani.