Mawanga ndi Bokosi Lothyoka

Gladness anali ndi mbuzi. Dzina lake linali Mawanga. Mawanga anali ndi kamwana. Kamwanako kanali kowonda kwambiri. Gladness ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Mawanga akhute.

Kwawo kunali pafamu, pafupi ndi tauni ya Chegutu. Chaka chimenecho mvula inachedwa. Dzuwa linkaswa mtengo. Udzu wonse unauma. Pafamupo ankalima tomato yekhayekha. Koma masamba a tomato amadwalitsa mbuzi.

Mawanga ankatafuna timitengo. Ankatafuna makungwa. Tsiku lina anatafuna sokosi ya abambo pachingwe. Njalatu ilibe manyazi. Mkaka wa Mawanga unachepa. Kamwana kankayamwa, koma osakhuta. Kenako kanasiya kudumpha. Kankangogona pamthunzi.

Abambo a Gladness anali a Yoswa. Iwo ankayendetsa lole ya pafamupo. Madzulo ena anakhala pansi ndi mwana wawo. Anamuuza za munthu wina wa ku Mubaira. Munthuyo ankagula mbuzi.

“Mwanangu, Mawanga akapanda kudya afa,” anatero abambo. “Ndi bwino timugulitse.”

Gladness anadzuka. Anapita kukhola. Anakumbatira khosi la Mawanga. Analira kwambiri. Abambo nawo chisoni chinawagwira. Anati Loweruka amutenga Gladness pa lole, akaone tauni ya Kadoma.

Loweruka linafika. Lole inadzaza ndi mabokosi a tomato. Gladness anakhala kutsogolo. Anadutsa minda youma. Anadutsa mitsinje yopanda madzi. Gladness ankayang'ana uku ndi uku. Udzu wobiriwira sanauone.

Kumsika wa ku Kadoma kunali phokoso. Amayi ogulitsa anathamangira lole. Abambo anatsitsa mabokosi odzaza. Anakweza mabokosi opanda kanthu. Ulendo uliwonse ankatero. Lole inkapita yodzaza. Lole inkabwerera yopanda kanthu.

Gladness anazungulira kuseri kwa msika. Kumeneko anaona mulu waukulu. Unali mulu wa masamba a kabichi. Munalinso makoko a chimanga chachiwisi. Zonsezo zinali zotayidwa. Gladness anathamanga kukaitana abambo ake.

“Ababa, taonani chakudya cha Mawanga!”

Abambo anatola kamtengo. Anavundula muluwo. Ntchentche zinauluka. Pansi pa masamba panali mapepala apulasitiki. Pakati pa masamba panali mapepala apulasitiki. Masamba ena anali ataola kale. Abambo anapukusa mutu. Anati mbuzi siidziwa kusankha. Ikameza pepala lapulasitiki, limatseka m'mimba. Masamba amenewa akanapha Mawanga.

Mtima wa Gladness unasweka. Chakudya chinali pomwepo. Koma chinali chosadyeka.

Kenako kunabwera mayi wina. Anali atasenza beseni la masamba. Masambawo anali oyera bwino. Mayiyo anawakhuthula pamulu paja. Nthawi yomweyo masamba anada. Gladness anamutsatira mayiyo mwakachetechete.

Mayiyo anali Mai Ratidzo. Ankagulitsa kabichi. Ankachotsa masamba akunja kuti kabichi aoneke bwino. Mawu awo anali aakulu. Akamaitana wogula, msika wonse unkamva. Gladness anachita mantha. Koma anakumbukira kamwana kaja. Pajatu kupempha si kuba.

Gladness anaomba m'manja mwaulemu. Anapereka moni m'Chishona, monga amachitira kusukulu. Anafotokoza za Mawanga. Anafotokoza za kamwana kosadumpha.

Mai Ratidzo anamvetsera. Kenako anaseka. Anati masamba angatenge onse. Mulu uja unawatopetsa ndi fungo. Koma iwo analibe poika masambawo. Beseni lawo linali limodzi lokha.

Gladness anabwerera ku lole. Kumbuyo kunali bokosi lina lakale. Thabwa lake limodzi linali lothyoka. Tomato sankaikamonso. Abambo anati limenelo ndi la nkhuni basi. Gladness analipempha. Analinyamula mpaka pa benchi la Mai Ratidzo.

“Muziika masamba okhaokha, mayi,” anatero Gladness. “Chonde, mapepala ayi.”

“Ndamva, mwanangu,” anatero Mai Ratidzo. “Koma ine ndimaiwala. Tiona.”

Tsiku limenelo anangopatsidwa masamba ochepa. Gladness anawafungatira pamiyendo. Kumbuyo mabokosi opanda kanthu ankalira. Gobede gobede! Gobede gobede! Analira choncho mpaka ku Chegutu.

Mawanga anadya masambawo msangamsanga. Anayang'ana Gladness. Ankafuna ena. Koma ena panalibe.

Ulendo wina wa lole unali Lachitatu. Munthu wa ku Mubaira anati abwera Lachinayi. Lachitatulo Gladness anapita kusukulu. Thupi linali m'kalasi. Mtima unali ku Kadoma. Kodi Mai Ratidzo akumbukira? Nanga bokosi lija akalisandutsa mpando? Aphunzitsi anamufunsa funso. Iye anayankha kuti, “Kabichi.” Anzake onse anaseka.

Ataweruka, anathamangira kumsewu. Anakhala pansi pa mtengo. Anadikira. Panadutsa basi. Panadutsa ngolo ya ng'ombe. Gladness anadikirabe.

Kenako lole inatulukira. Inkabwera pang'onopang'ono. Gladness anatchera khutu. Gobede gobede uja sanamveke. Lole inali phee. Gladness anadabwa. Kodi abambo aiwala mabokosi?

Lole inaima. Abambo anatsika akumwetulira. Anamunyamula Gladness kuti aone kumbuyo. Bokosi lothyoka lija linali lodzaza. Mabokosi enanso anali odzaza. Munali masamba a kabichi. Munali makoko a chimanga. Munali makoko a mbatata. Pepala lapulasitiki munalibe ngakhale limodzi.

Abambo anafotokoza. Mai Ratidzo sanaiwale. Anauza anzawo onse ndi mawu awo aakulu aja. Amayi a chimanga anasunga makoko. Amayi a mbatata anasunganso awo. Wina akafuna kuponyamo pepala, Mai Ratidzo ankamukalipira. Akapitawo a pafamu nawo anavomera. Anati lole imabwerera njira yomweyo. Mafuta ake ndi omwewo.

Gladness anafuna kupatsa Mawanga bokosi lonse. Amayi ake anamugwira dzanja. Anati kabichi wambiri amatupitsa mimba ya mbuzi. Anamuonetsa kasakanizidwe kake. Masamba pang'ono, makoko ambiri. Otsala anawayanika padenga la khola. Ena anagawira anzawo a pakomboni, pomwe antchito a pafamu ankakhala. Kumenekonso kunali mbuzi zanjala.

Mawanga anadya. Anadya madzulo. Anadyanso m'mawa. Anatafuna maso ali tsinzi.

Lachinayi munthu wa ku Mubaira anafika. Anabwera ndi chingwe m'manja. Gladness anaima pakhomo la khola. Abambo anayang'ana Mawanga. Anayang'ana masamba padenga. Kenako anayang'ana mwana wawo.

“Pepani, achimwene,” anatero abambo. “Mwayenda ulendo wautali. Koma mbuziyi sitigulitsa.”

Munthuyo anadandaula pang'ono. Amayi anamupatsa madzi akumwa. Anamwa, natsanzika.

Masiku anapita. Lole inkabwera ndi masamba ulendo uliwonse. Mawanga anayamba kunenepa. M'mawa wina Gladness anatsegula khola. Kamwana kanali kataimirira. Kankayamwa, kamchira kali piku piku. Katamaliza, kanatembenuka. Pakamwa pake panali mbuu ndi mkaka.

Gladness anaitana amayi. Anaitana abambo. Onse anabwera kukhola. Kamwana kanawayang'ana. Kanadumpha kamodzi, nkugwa. Kanadzuka, nkudumphanso.

Abambo anaseka mpaka misozi. Gladness anagwada pansi. Anakanyamula kamwanako. Kanali katayamba kulemera.