Masamba a Maliro Pakhomo la Paki

Lolemba m'mawa a Hilary Chimbalanga anapeza nthambi zaziwisi zitayalidwa chopingasa pakanjira kolowera m'paki ya pa boma la Ntcheu, monga achitira anthu pamsewu pakagwa maliro. Iwowa ndiwo ankasamalira malowo. Mitengo yonse ya m'menemo anadzala okha zaka makumi awiri zapitazo, ndipo kunena mosapsatira, ankaidziwa bwino kuposa ana awo obereka.

Anazichotsa nthambizo akung'ung'udza. Lachiwiri zinalinso pomwepo. Lachitatu chimodzimodzi, mame adakali pamasamba.

Munthu wa kuno sadumpha masamba a maliro mwachisawawa. Akabaza ankatsika panjinga, kuvula zipewa, n'kulambalala. Ophunzira amene ankawerengera pakapinga anasiya kubwera. Akwati amene amati adzajambulitse pansi pa mitengoyo Loweruka anasintha maganizo. Mumsika munadzaza manong'onong'o: ena akuti kale panali manda, ena akuti masambawo akudikira mwini wake. A Hilary anasowa tulo, chifukwa mabwana anali atawachenjeza kuti paki ikasowa anthu, pamalopo padzamangidwa mashopu.

Lachinayi usiku anabisala kuseri kwa mkuyu, chikwanje chili m'manja. Magetsi anali atazima, mdima wa ndiwe yani, ndipo kuzizira kochokera kumapiri kunkalowa mpaka m'mafupa. Malole atasiya kudutsa pamsewu waukulu kunangoti zii. Kenaka anamva nthambi ikuthyoka, thyo! Inanso, chapafupi. Ndiye panamveka nyimbo yapansipansi ya mawu achizimayi, ija amayimba potulutsa bokosi m'nyumba.

Zithunzithunzi zinayi zinatulukira pakati pa mitengo, zitafunda zitenje kumutu, zikuyenda pang'onopang'ono. A Hilary anayatsa tochi. Kuwalako kunagwera pankhope ya mayi Lufina, ogulitsa mbatatesi, amene masana aliwonse ankapumula ndi anzawo pamthunzi womwewo.

"Mayi Lufina! Kani ndinu mukuthamangitsa anthu? Mukufuna malo ano atilande?"

Mayiwo sanathawe. Anaika nthambi yawo pansi bwinobwino, n'kuwayang'ana mwachisoni.

"Zimitsani tochiyo, achimwene," ananong'ona. "Alamu anga amasesa ku ofesi ya mabwana anu, anaona mapepala ndi maso awo. Malo ano anagulitsa kale mwezi watha. Macheka odula mitengoyi akubwera sabata yamawa."

A Hilary anazimitsa tochi ija.

"Nanga masambawa?"

"Timati mwina ogulawo achita mantha. Komanso tisanamizane, tinasowa wolimba mtima woti adzakuuzeni pamaso, poti anamfedwa ake ndinu."