Makasu Pamwamba pa Denga

Izi si zongomva pamsika ayi. Zinawachitikira achemwali anga, amene ndi anamwino, ndipo alamu anga amene anawanyamulira bokosi la katemera tsiku limenelo alipo, mukhoza kuwafunsa.

Linali dzinja. Midzi ya pamwamba pa phiri galimoto siifika, choncho awiriwa anauyamba wapansi m'mawa. Atamaliza midzi iwiri, chakumasana, nkhungu inatsika, mvula n'kuyamba kukhuthuka. Mtsinje umene anawoloka unasefukira kumbuyo kwawo. Wakutsogolo nawo unkamveka kulindima. Kopita kunalibe.

Apo m'pamene anaona kanyumba kamalata m'mbali mwa njira, mayi wina ataima pakhomo.

"Lowani muuse mvula," anatero mayiyo.

Analowa, chitseko n'kutsekeka. M'katimo munali mdima wa ndiweyani, fungo lake la dothi lofukula kumene. Achemwali anapapasa khoma. Matope ozizira, ndi mizu.

Mvula inasiya kumveka pamalata. Kunangoti zii.

Kenako pamwamba panamveka khasu. Gu. Gu. Lina chapatali. Mawu a amuna akuitana munthu, ngati ochokera kutsidya.

"Mayi, ndani ali padenga?" alamu ananong'ona.

"Akufuna ine. Koma akukumba polakwika."

Alamu anakankha chitseko ndi phewa. Sichinasunthe. Dothi linayamba kuyoyoka, kugwera m'khosi. Mpweya unkachepa. Achemwali amati atafuna kukuwa, m'kamwa munadzaza mchenga.

"Chonde mayi, titulutseni," anatero atalavula. "Ana akudikira katemera kumtundaku."

Mayi uja anayankha mumdimamo:

"Pitani. Mukawauze bambo akunyumba atsikire m'munsi mwa mwala wong'ambika."

Chitseko chinatseguka chokha, onse awiri n'kugwera panja pamvula. Atacheuka, nyumba panalibe. Panali matope ogumuka kuphiri, omera kale udzu, ndi chimwala chong'ambika pakati.

Anafika m'mudzi wachitatu n'kufotokoza zonse. Anthu anangoyang'anana, kenako anakaitana bambo wina woonda, wa zikhatho zong'aluka. Akuti phiri linagumuka dzinja lapitalo iye ali kumunda, nyumba yake n'kukwiririka, mkazi wake ali momwemo. Anzake anamuthandiza kukumba masabata atatu n'kutopa. Iye ankakumbabe yekha, koma tsiku limenelo, ndi chimvulacho, panalibe amene anagwira khasu.

Bamboyo anamvetsera osaphethira. Atamva za mwala uja anafunsa motsitsa mawu:

"Nanga mwana? Anali naye kumsana?"

Achemwali anayang'ana alamu. Palibe amene anaona mwana.

Koma alamu mpaka lero amati pamene chitseko chinkatseguka, timanja tozizira tinawagwira mwendo wa thalauza, n'kukoka kawiri, kenako n'kuwasiya. Zimenezo alamu sanamuuze bamboyo.