Eni Dziko

Kumwamba kunali kutada bii pamene Tiwale ankatuluka pa geti la sukulu ku Kawale. Kutsogolo kwake anyamata a Fomu 3 ankayenda chigulu, akukuwa mawu amene iye mwini anawayambitsa masana omwewo.

"Dziko ndi lathu! Obwera kwawo!"

Zonsezi zinayambira pa mtsutso wa pasukulu. Mutu wake unali wakuti boma la Malawi linamangidwa pa Chikhristu. Aphunzitsi anagawa mbali mwa maere: Tiwale avomereze, mnzake wa pa desiki imodzi, Mwanabibi, atsutse. Mwanabibi, mtsikana wa Chisilamu, anafotokoza modekha kuti malamulo a dziko amalola munthu aliyense kupembedza m'mene afunira. Tiwale ataona kuti mfundo zamuthera, anangokweza mawu.

"Boma lino ndi la Akhristu! Enanu ndinu obwera!"

Holo yonse inawomba m'manja. Eee, kukoma kwake kuchemereredwa! Mwana wa eni anatupa mutu, osacheukira n'komwe mnzake uja, amene anabadwira m'Kawale momwemo.

Tsopano pageti paja Tiwale anaona Godwin, mtsogoleri wa anyamatawo, akutola miyala n'kumaika m'thumba.

"Magaye, tikamudikire Mwanabibi pa kanjira ka kuseri kwa msika. Lero kansalu ka kumutu kaja avula!"

Tiwale anabwerera chothamanga kukalasi kuti akamuchenjeze Mwanabibi, koma anapeza muli zii. Mphezi inang'anima, mvula n'kuyamba kukhuthuka. Anatulutsa chitenje m'chikwama, n'kufunda kumutu, n'kuliyatsa liwiro kudutsa m'matope kulowera kumsika kuti akamupeze mnzakeyo asanafike pa kanjirako.

Kanjirako kanali kopanikizika, mipanda ya njerwa uku ndi uku. Munalibe munthu, madzi okhaokha akuyenderera ndi majumbo.

"Uyo! Wafunda kumutu uyo! Obwera kwawo!"

Asanatsegule pakamwa, mwala unamupeza pamphumi, khoo! Anagwa m'matope, chitenje n'kuvuka. Anyamata aja anaima chilili, kukamwa kuli yasa.

Mwanabibi anali atausa mvula pakhonde la telala wina chapafupi. Atamva kulira anathamangira komweko, n'kugwada m'madzi, n'kupanikiza chitenje pabala.

Godwin anasendera pafupi.

"Aise, Tiwale, pepa. Ife timayesa ndi Mwanabibi."

Tiwale anamuyang'ana ndi diso limodzi, linalo litatsekeka ndi magazi. Manyazi anamuwawa kuposa balalo.

"Ndiye akanakhala iyeyu, awa akanakhala madzi?"

Mwanabibi anamudzutsa Tiwale, n'kumukoleka mkono paphewa pake.

"Tiye kuchipatala," anatero motsitsa. "Koma upukute nkhope, asadziwe kuti walira. Eni dziko salira."

Apa m'pamene Tiwale analira mokweza.