Waya wa Sitata ya Zakeyu

Tsiku la msika ku Mitundu, Edina anaona mnyamata akukankha njinga yamoto, thukuta lili kamukamu. Ankathamanga nayo n'kudumphirapo, njinga n'kutsokomola, n'kuzima. Anzake a kabaza ankangomuwowoza.

Edina anali pa benchi yake pakhonde la golosale, pomwe ankakonzera mawailesi, matochi ndi mawaya a njinga zamoto. Palibe anamuphunzitsa ntchitoyi. Anaidziwa yekha pophwasula zinthu zakufa ndi kuonera mavidiyo pa foni.

Mnyamatayo atafika anafunsa komwe apita amisiri. Edina anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ngati mukufuna a ndevu, achimwene, pitirizani kukankha mpaka m'tauni."

Mnyamata uja anaseka n'kupepesa. Anati dzina lake ndi Zakeyu, wakabaza wa ku Nathenje. Kiki yolizira injini ndi phazi inathyoka kalekale, ndiye lero sitata nayo yakana. Edina anamasula kabokosi ka batani pa chiwongolero, n'kupeza fumbi ndi dzimbiri zokhazokha. Anapala timikuwa mpaka kuwala, anamanganso, n'kudina. Injini inalira nthawi yomweyo.

"Mwadzutsa njinga, mwadzutsanso mtima wa mwini wake," anatero Zakeyu. Edina anamuuza kuti mtimawo akaupimitse kuchipatala, koma nambala ya foni anamupatsa.

Mameseji anayamba tsiku lomwelo. "Injiniya wanga, batani lililonse ndikadina ndikungoona nkhope yako." Tsiku lina: "Duwa langa, Nathenje yonse yauma, mvula ili ku Mitundu." Edina ankawerenga akutukwana chamumtima, kwinaku akumwetulira. Ndi liti munthu anamutchulapo duwa, iye wa manja a girizi?

Zakeyu anayamba kudandaula za msewu. Ankati akaweruka amafuna kudzamuona, koma getsi la njinga yake linali lofiira ngati koloboyi, ndipo njira ya fumbi ija ili ndi maenje omeza tayala. Edina sanadikire kuti apemphedwe kawiri. Anachotsa babu lakale n'kuika getsi loyera la LED, anawonjezera timagetsi tiwiri m'mbali, anakoka mawaya atsopano ndi fyuzi yake kuti batire isavutike. Atayatsa, ngakhale dzuwa linali lisanalowe, khoma la golosale linayera mbee.

"Kuwala kumeneku ndi kwako wekha," analonjeza Zakeyu atagwira manja ake. "Kulikonse ndingapite, kuzindibweza kwa iwe."

Ndipo ankabweradi. Chodabwitsa chinali sitata. Imakhala bwinobwino, kenako Zakeyu n'kutulukira akukankhanso, waya utazuka. Edina ankaumanga molimba, koma umazukabe. Zakeyu ankati ndi mabampu. Za kwawo sankakonda kukamba. Ankangoti amakhala ndi mkulu wake wovuta, wosafuna alendo.

Kenako Edina anaphonya mwezi, wina n'kuphonyanso.

Anamuuza Zakeyu mosapita m'mbali kuti akaonekere kwa amalume mimba isanaoneke. Amalume a Edinawo, a Gilibati, anali atanenapo kale kuti mtsikana wokhalira kucheza ndi akabaza mathero ake ndi manyazi a mtundu wonse. Edina anawayankha mwaukali tsiku limenelo. Nanga tsopano akawayang'ana bwanji?

Zakeyu anamupukuta misozi ndi chala. "Loweruka ndikubwera ndi amalume anga. Ndikapanda kubwera, usadzanditchulenso munthu."

Loweruka a Gilibati anasiya fodya wawo osasankha, anavala jekete, n'kupalasa njinga kuchokera ku Malingunde. Mayi ake a Edina anapha nkhuku, n'kubwereka mipando kwa aneba. Azimayi a pamudzi ankangodutsadutsa ngati akupita ku mjigo, ndowa zili zopanda kanthu.

Dzuwa linafika pamutu. Linayamba kupendeka. Njinga iliyonse ikalira kumsewu Edina ankaimirira, n'kukhalanso. A Gilibati anavula jekete n'kufunsa, osamuyang'ana, ngati mnyamatayo alipodi kapena ndi wa m'foni.

Ndipamene meseji inalowa. "Mtima wanga, njinga yafanso, ngakhale kukankha ikukana. Upepese kwa amalume. Tidzabwera tsiku lina."

Tsiku lina liti, mimba ikukula? Edina anayimba, foni sinayankhidwe. Anayimbanso, inali yozima. Anagwada pamaso pa amalume ake n'kuwapempha kuti asachoke. Vuto ndi waya chabe, ndipo waya ndi ntchito yake. Anatenga chikwama cha zida, n'kukwera kabaza wa ku Nathenje atavala chitenje chake chatsopano chomwecho.

Pa siteji ya ku Nathenje anafunsa kwa Zakeyu. Anyamata anayang'anana, mpaka wina anati, "Oo, mukunena bambo a Mwayi, a magetsi aja?" Edina anati ayi, amene akumufuna ndi wosakwatira. Iwo anaseka, amvekere njinga ya magetsi otero ndi imodzi yokha kuno, n'kumulozera nyumba ya malata kuseri kwa chigayo.

Edina analunjika komweko. Mwina Mwayi ndi mwana wa mkulu wake uja. Mwina anyamatawa amangomutchula choncho mocheza.

Njinga inali pakhonde. Pabwalo mayi wina ankachapa matewera, mwana ali kumsana. Ataona chikwama cha zida anamulonjera mwaulemu, nati ndi Chithokozo, amake Mwayi, ndipo abambo agona m'nyumba, mutu ukuwapweteka.

Edina anapita pakhonde paja. Anagwada pa njinga, popeza manja okha ndiwo ankadziwa chochita. Anatsegula kuseri kwa getsi. Waya wa sitata ndi wa kiyi onse anali oduka, osati kupsa kapena kuperepeseka, koma kudulidwa bwinobwino.

"Musavutike kufufuza, asisi," anatero Chithokozo. "Ndadula ndine, ndi lezala. Kale ndinkangozula, koma kuli mmisiri wina ku Mitundu amangobwezeretsa. Chiikireni magetsi amenewa, bambo a Mwayi sadyanso kunyumba madzulo. Lero m'mawa ndawapeza akusita malaya a ukwati wathu."

Edina anaimirira, pulayala ili m'manja.

"Mmisiriyo ndine, amayi. Ndili ndi mimba yawo. Amalume anga akuwadikira panopa."

Chithokozo anasiya thewera kugwera m'beseni. Sanakuwe. Anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kunena kuti njingayo anagula ndi bambo ake atagulitsa fodya, kuti mkamwini apeze chochita.

Zakeyu anatuluka atamva mawu, ali chifuwa pamtunda. Atamuona Edina anagwira chitseko. Anayamba kuti injiniya wanga, n'kumeza. Anatembenukira kwa mkazi wake n'kuyamba kuti mayi a Mwayi, n'kumezanso. Kenako anati afotokoza zonse, koma aliyense payekha.

Edina anafuna kumugenda ndi pulayala ija. Anafuna kuzula magetsi onse n'kuwaponda. Koma zikanathandiza chiyani? Iye akanabwererabe yekha kukaima pamaso pa a Gilibati, azimayi a ku mjigo akumvetsera. Bodza ndi la Zakeyu, manyazi n'kukhala a Edina? Ayi!

Anagwadanso. Anasenda mawaya, kulumikiza, kukulunga ndi tepi, misozi ikudontha pa thanki. Anatembenuza kiyi n'kudina batani. Injini inalira.

"Valani malaya munasita aja," anatero. "Munalonjeza kuonekera lero. Mukawauza nokha amalume kuti ndinu ndani."

Zakeyu anayamba kuchonderera kuti nkhani zotere zimafuna akuluakulu, osati kupupuluma. Anayang'ana mkazi wake ngati amupulumutsa. Chithokozo anamasula mwana kumsana, n'kukamusiya kwa aneba. Pobwera anali atamanga chitenje cholimba m'chiuno, malaya aja ali m'manja. Anamuponyera mwamuna wake, n'kukwera pa njinga.

"Nanenso ndikawaone amalumewo," anatero. "Kwerani, asisi. Mugwire ine, iwowa ayi."

Zakeyu anavala malayawo n'kukhala pa chiwongolero. Edina anakwera kumbuyo, n'kugwira m'chiuno mwa mkazi wa mwamuna amene ankamukonda. Njinga isananyamuke anayimbira a Gilibati.

"Amalume, valaninso jekete. Tikubwera atatu."