Mlandu wa Kansalu Konyowa

Lachitatu m'mawa kompyuta ya Maurice inakana kuyaka. Inkangolira kuti fuu, koma sikirini inali bii. Mkatimo munali lipoti lake la kukoleji ku Chichiri, lofunika kuperekedwa Lachisanu.

"Wagwira ndani?" anafunsa Maurice, maso ali psuu.

Ella, mlongo wake wa Fomu 2, anayang'ana kumbali. Dzulo lake anali ataona kavidiyo pafoni konena kuti kompyuta yakale ukhoza kuithamangitsa. Poiyatsa anadina batani la Delete, panabwera tsamba lodzaza Chizungu, ndipo katswiri wathuyu anakweza liwiro la purosesa, ubongo wa kompyuta, mpaka pomwe manambala anathera. Ankangofuna kuti gemu yake isiye kudukiza. Kompyuta inazima osadzukanso.

"Mwina ndine," anatero mayi awo motsitsa mawu. "Ndinaipukuta ndi kansalu konyowa."

"Amayi, ndikuuzeni kangati? Zinthu zomwe simukuzidziwa muzizisiya!"

Mayi aja, amene sukulu anailekeza Sitandade 3 kwawo ku Nsanje, anapepesa mwana wobala okha. Ella anamva zonsezo, koma pakamwa panamulemera. Tsiku lonse mayi posesa ankalambalala tebulo la kompyutayo ngati pali njoka.

M'mawa mwake Maurice ananyamula kompyutayo kupita nayo ku Limbe. Mayi anaumirira kupita nawo, amvekere wolakwa sangatsale pakhomo. Ella anauzidwa kunyamula zingwe.

A Afisa, mayi wokonza makompyuta m'kashopu kothinana, anatsegula bokosi la kompyutayo. Anachotsamo kabatire kobulungira, nadikira pang'ono, n'kukabwezera. Kompyuta inati pii, n'kuyaka. Lipoti linalimo lonse.

"Madzi sanalowemo muno," anatero a Afisa. "Wina anakweza liwiro kupyola mphamvu ya makinawa. Agogo ngati awa mukufuna azithamanga ngati kamwana? Ndabwezera zonse mwakale. Koma amene analowa m'menemu, Chizungu amachiwerenga bwinobwino."

Maurice anatembenuka pang'onopang'ono. Manyazi anamugwira Ella, nalakalaka pansi patang'ambika kuti alowepo.

"Ndine," anatero. "Ndimaopa, achimwene."

Maurice anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma anakumbukira mawu ake omwe a dzulo aja. Nayenso anagwetsa nkhope.

"Pepani amayi," anatero.

Mayi sanakweze mawu. Anamanga bwino chitenje chawo, n'kumuyang'ana Ella kwa nthawi.

"Kuwononga chinthu aliyense amawononga, mwanangu," anatero. "Koma iwe unali pomwepo ine ndikupepesa. Unandisiya ndidzione ngati chitsiru m'nyumba mwanga momwe."

Mu minibasi Ella anakhala mogundana ndi mayi ake, koma mpaka kukatsika ku Chinyonga sanathe kuwayang'ana kumaso.