Makapu Osaboola

Woyamba kuona kuti china chake chalakwika anali a Alufeo, mkulu wa adzukulu okumba manda m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Chongoni. Unali mwezi wa Juni chaka cha 1919, chimfine chija chinabwera ndi anthu ochokera kunkhondo chitangoleka kupha. A Alufeo analowa m'manda m'mawa, mame ali m'miyendo, ndipo anapeza kuti pa mitumbira isanu yatsopano panalibe makapu. Panangotsala timaenje tozungulira m'dothi pamene makapuwo anakhalapo.

Kwathu kale munthu akamwalira, kapu yake kapena botolo la mankhwala ake ankaziika pamtumbira, koma ataziboola kaye ndi msomali, kuti nazonso zife ndipo wamoyo asazikhumbire. Koma m'miyezi ya chimfine ankaika maliro atatu, anayi, tsiku limodzi. Adzukulu manja ali matuza okhaokha, ndani akanakumbukira msomali? Makapu anapita kumanda ali athunthu.

Amene ankawatenga ndikuwadziwa, ndipo sindibisa. Anali a Gerevazio, agogo awo a mayi anga. Koma ndisananene cholakwa chawo ndinene kaye luso lawo, chifukwa m'boma lonse la Dedza munalibe wina wa manja ngati amenewo, ndipo manjawo m'banja mwathu alimobe mpaka lero. Anapita kunkhondo ngati mtengatenga wamba, wosenza katundu. Azungu a lamya ataona mmene ankalumikizira mawaya anawachotsa pamzere wa osenza, n'kuwapatsa ntchito yosamala bokosi lokuzira mawu. Nkhondo itatha bokosilo linatayidwa litasweka. Iwo analikulunga m'bulangete n'kubwera nalo kumudzi.

M'kati mwake munali mababu atatu agalasi, aakulu ngati mazira a bakha, lililonse lili ndi kawaya kamene kamafiira moto ukadutsamo. Mawu ofooka akalowa m'babu loyamba amatuluka atakula, lachiwiri n'kuwakuzanso, lachitatu n'kuwaponya m'zomvera za m'makutu. A Gerevazio anamasula zonse, anakulunganso ndi manja waya wopyapyala ngati tsitsi, analumikiza ndi mtovu wosungunula pamakala, mababuwo n'kuwakhazika pathonje kuti asamanjenjemere. Ine sayansi ya ku sekondale ndinkakhoza kuposa anyamata onse m'kalasi, koma ndikayesa kujambula papepala zimene anachita munthu ameneyu m'nyumba yaudzu, mutu umandipweteka.

Poyamba chinali chongowasangalatsa pambuyo pa ntchito ya kumunda. Chinasanduka china chifukwa cha zimene anapeza pakhomo. Mwana wawo mmodzi yekhayo panthawiyo, Jestina, wa zaka zinayi, anali ataikidwa kale iwo ali m'njira. Akazi awo, a Kristina, anapulumuka koma makutu anatsekeka, moti ngakhale belu la kutchalitchi sankalimva. Amene anawadwazika onse awiri anali a Filomena, mayi wamasiye wowonda, amene nyumba yake inali yomalizira kulowera kumanda.

Tsono a Gerevazio anaganiza zolumikiza kolankhulira ka lamya kubokosi lija kuti akazi awo amvenso. Kolankhulirako ndi mitsuko iwiri yagalasi, mabatire oyatsira mababu, anabwera nazo kuchokera kunkhondo. Vuto linali mphamvu yokankhira mawuwo. Imeneyo inkafuna tiziwiya tambirimbiri tondandalikidwa pamzere, osachepera makumi anayi, kalikonse kali ndi madzi amchere, kachidutswa ka lata ndi ka mkuwa. M'nyumba munali makapu awiri okha. Anayesa zikho, zinavunda. Anayesa timiphika tadothi, tinamwa madzi onse. Ndiye tsiku lina ali pamaliro anaona makapu akunyezimira pamitumbira, mzere ndi mzere, opanda bowo.

Ankapita mbandakucha, nkhungu ya ku Dedza ija itaphimba chilichonse, yoti munthu saona ngakhale chala chake cha kumwendo. Ankati akubwereka. Ankanena ndi pemphero lomwe pa mtumbira uliwonse. Makapuwo anawandandalika m'bokosi lina lamatabwa lokhala ndi chivindikiro, kunja kukungooneka mawaya awiri.

Madzulo a Lolemba, dzuwa litalowa ndipo mbuzi zili m'khola, anatseka chitseko. Mababu anayamba kufiira pang'onopang'ono ngati makala ouzira. Anaveka a Kristina zomvera zija, n'kuyandikitsa pakamwa pa kolankhulira.

"Mayi a Jestina, mukundimva?"

A Kristina anadzidzimuka, n'kugwira kumutu ndi manja onse awiri. Misozi inatsika. Kenako anaseka.

"Musakuwe, bambo a Jestina, sindili kutsidya. Ha! Mawu anu akalambatu. Kunkhondoko mumadya mchenga?"

Anacheza mpaka mababu atazirala. A Gerevazio anangowachenjeza chinthu chimodzi, kuti bokosi lamatabwalo asamalitsegule, madzi ake amaluma.

Madzulo a Lachiwiri, atawonjezera makapu ena kuti mawu akule, a Kristina anakweza dzanja pakati pa nkhani.

"Taimani. Ndani akupuma?"

"Ndine."

"Inu ndikukuonani. Wina."

A Gerevazio anatenga zomverazo. Poyamba anangomva kusokosa konga mvula yakutali. Kenako kunabwera mluzu wopyapyala, woyambira pamwamba n'kumatsika, kumatsika, mpaka kuzimirira. Umenewo ankaudziwa, kunkhondo azungu ankati ndi zochitika za mumlengalenga. Koma mluzuwo utatha kunamveka china. Chinali chifuwa chouma, chaching'ono, kawiri, kenako kamodzi, ngati cha munthu amene akuyesa kutsokomola mosadzutsa anzake.

"Ndi waya wosagwira bwino," anatero. Anaiwala kuti zomvera zili kumutu kwawo ndipo akazi awo sakumva.

Tsiku lotsatira sanapite kumunda. Anafupikitsa mawaya, anasinthanitsa mababu, anapala mkuwa uliwonse ndi mchenga mpaka utawala. Atayesa, bokosi linakuwa mwadzidzidzi ndi liwu lakuthwa limene linatulukira kudenga, agalu a m'mudzi monse n'kuyankha. Anazimitsa msanga. Atayatsanso, chifuwa chija chinali pomwepo, ndipo tsopano chinkamveka pafupi.

Kunja nako nkhani inali itakula. Ena ankati mfiti zikumwera m'makapu a akufa. Ena ankati aona kamoto kofiira kakuyandama m'nkhungu cha kumanda, ndipo madzulo a Lachitatu amva mzimu ukulira. Nyumba za mbali imeneyo zinali ziwiri zokha, ya a Gerevazio ndi ya a Filomena. Ndipo anthu anayamba kukumbutsana: kodi si a Filomena amene anasambitsa odwala mudzi wonse, iwo osatsokomola ngakhale kamodzi? Kodi si iwo amatola nkhuni m'mphepete mwa manda kusanache?

M'mawa wa Lachinayi a Alufeo anaimitsa a Gerevazio panjira ya kudambo.

"Asilikali opanda mfuti! Mwasowatu. Kapena mukuopa kuti ndikuyezani msinkhu?"

"Mundiyeze chaka chamawa, akulu, chaka chino ndatanganidwa."

"Onse amatero." A Alufeo anasuzumira uku ndi uku, kuseka n'kutha pankhope. Anatsitsa mawu. "Makapu osowa apitirira makumi atatu tsopano. Anthu atopa. Loweruka kusanache tipita nawo a Filomena m'nkhalango, akamwe mwabvi. Akasanza, ndi oyera. Akapanda kusanza, basi. Boma lisamve, a kumishoni asamve. Inunso simunamve."

A Gerevazio anatsegula pakamwa. Mawu anali pomwepo, palilime. Koma anaona nkhope ya a Kristina ikuseka m'kuwala kofiira kuja, ndipo anadziwa kuti akanena, makapu abwerera kumanda, bokosi aliphwanya ndi nkhwangwa, mkazi wawo abwerera m'chete muja mpaka imfa.

"Sindinamve," anatero.

Masana omwewo a Filomena anabwera ndi kambale ka nyemba zophika. A Kristina anali kumtsinje. Mayiyo anakhala pakhonde, n'kukulunga manja m'nsalu chifukwa cha mphepo.

"Mwana wanga, ndinakuonatu Lachiwiri. Thumba lako limalira ngwengwengwe."

A Filomena anakankhira kambale kaja kwa a Gerevazio.

"Usaope, sindinena. Kristina wandiuza kuti wamva mawu ako. Wandiuza akuseka. Ine mwana uja ndinamuona atagona pamphasa ngati mtembo, tsono ndimulande zimenezo?"

"Amayi, mwabvi si madzi."

"Mwabvi umadziwa mwini wake. Ine m'mimba mwangamu mulibe nyama ya munthu. Ndikamwa, ndikasanza, ndibwerako ndi njala. Mundisungire phala."

Anaseka, mano atatu okha ali m'kamwa. A Gerevazio anayang'ana timikono tawo towonda ngati bango. Kunkhondo anaona anthu olungama ndi oipa akufa mofanana ndi madzi a chitsime chimodzi, ndipo ankadziwa kuti khungwa la mtengo silifunsa mlandu. Anadziuza kuti anena mawa, Lachisanu. Nthawi inalipo, tsiku lathunthu. Anangofuna madzulo amodzi okha owonjezera.

Madzulo amenewo nkhungu inatsika msanga, n'kumalowa pansi pa chitseko ngati utsi. Kunja kunali zii, kopanda ngakhale nkhululu. Mababu atafiira, a Kristina sanafune kucheza. Anakhala chete, mutu uli chopendekeka, maso ali pakhoma.

"Uyu ndi Jestina," anatero motsitsa. "Kawiri, kenako kamodzi. Ankatsokomola choncho usiku womaliza. Bambo a Jestina, mwana wanga walowa bwanji m'bokosi mwanu?"

"Ndi mawaya chabe, mayi."

A Kristina anagwira waya, n'kumautsatira ndi zala mpaka pabokosi lamatabwa lija. Amuna awo asanawagwire dzanja, anali atatukula chivindikiro. Makapu ndi mabotolo zinali mizere isanu, madzi ake akunyezimira mofiira. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako analowetsa dzanja pakati penipeni n'kutulutsa kakapu koyera ka mlomo wobiriwira. Mawaya anaduka.

"Kapu iyi mwaitenga kuti?"

A Gerevazio sankaidziwa. Kwa iwo inali kapu ngati ina iliyonse, anaizula mumdima osaona n'komwe kuti ndi mtumbira wa yani.

"Ndinaigula kwa Mmwenye ku Dedza, inu muli kunkhondo," anatero a Kristina, mokweza ngati mmene amalankhulira munthu wosadzimva. "Ndinamumwetsera madzi omaliza. Ndinaiika ndekha kumutu kwake. Mwana akamva ludzu amwera chiyani? Mwamulanda kapu, n'kumuthirira mchere!"

Pamenepo a Gerevazio anagwada n'kunena zonse: za makapu, za mphekesera, za mwabvi wa Loweruka, za a Filomena amene anaona koma anakhala chete. Analankhula mpaka mawu anasasa. Atakweza maso anapeza akazi awo akungopukuta kakapu kaja ndi nsalu. Mzere wa makapu unali utaduka. A Kristina sanamve kalikonse.

Tambala woyamba atalira a Gerevazio anakhuthula madzi onse, anaika makapu m'dengu, n'kuthamangira kwa a Alufeo. Anapeza akazi awo a Alufeo akukoleza moto.

"Apita kalekale," anatero mayiyo monong'ona. "Anamva kuti mesenjala wa boma adutsa Loweruka, ndiye anati zichitike lero."

"Apita mbali iti?"

"Ine ndi mkazi, andiuza?"

Analowa m'nkhalango ya Chongoni dengu lili pamutu, makapu akugundana. Anakuwa dzina la a Alufeo, anakuwa la a Filomena, anakuwa kuti wakuba ndi iwo, abwere adzaone. Nkhungu inameza mawu onse. Njira iliyonse inkathera pathanthwe kapena pa mtengo umene anali ataudutsa kale. Kamodzi anamva ngati anthu akulankhula kumunsi, anatsetsereka n'kugwa, makapu n'kubalalika m'masamba. Anawatola limodzilimodzi, mawondo akuchucha magazi. Kumunsiko kunali mtsinje wokha.

Anatulukira kumudzi dzuwa litakwera, ngakhale silinkaoneka. Amuna anali asanabwerere. Anatula dengu pabwalo, pamaso pa amayi amene anali pamenepo, n'kunena kuti ndi iwo anatenga makapuwo. Kenako anapita kunyumba kuti akayese kuwafotokozera akazi awo ndi manja.

Anawapeza atakhala pamphasa, zomvera zili kumutu. Mababu anali ozizira. Mawaya ankalendewera m'mbali mwa tebulo, osagwira kanthu kalikonse.

"Khalani chete," anatero a Kristina, ngakhale amuna awo anali asanalankhule. "Jestina wachoka. Awa ndi a Filomena. Akudwala chiyani? Akuyesa kusanza."

A Gerevazio anagwira mphuthu ya chitseko.

"Akuyesanso. Sizikutuluka. Bambo a Jestina, a Filomena ali kuti?"

Anamvetsera kanthawi, milomo ili yasa. Kenako anavula zomverazo pang'onopang'ono n'kuziika pamiyendo.

"Aleka."

A Gerevazio anaima pakhomo pomwepo. Kunja kunali bata, madzi a nkhungu akudontha kuchokera kudenga. Inapita nthawi yokwanira kunena Atate Athu kamodzi. Kenako kutali, cha kuphiri, mayi wina anayamba kulira maliro.